Musanapake pulasitala, konzani njira ya intaneti

Kumalo kumene anthu akumanga masiku ano, kaya ndi ku New Shire ndi ku New Gulliver ku Area 49, ku Airwing, ku Njewa, kapena ku Blantyre mbali za Chileka, Mpemba ndi Chigumula, wogula poloti amafunsa mafunso atatu: madzi ali pati, polo ya ESCOM ili patali bwanji, nanga msewu umadutsika m'dzinja? Funso la intaneti limabwera tsiku losamuka. Makatoni ali mbwee pabalaza, mwana akufuna kutumiza ntchito ya kusukulu, inu mwakwera pachulu kuseri kwa nyumba, foni ili m'mwamba, kusaka netiweki.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Ndinamanga, ndinapaka penti, pabwalo ponse ndinayala mapeva mpaka pageti. Patatha chaka ndi miyezi, kampani ina inabweretsa faiba, waya wa intaneti wa ulusi wa galasi, mumsewu mwathu. Anyamata anatsika ndi makwerero, mmodzi n'kundifunsa kuti, "Bwana, paipi yolowera ili pati?" Panalibe. Anati tisankhe: tizule mapeva tikumbe, kapena waya uchokere pa polo, udutse pamwamba pa geti, ulowe poboola khoma la pabalaza. Ndinasankha chachiwiri poopa kuwononga bwalo. Sipanathe miyezi itatu, lole yobweretsa mchenga kwa aneba inakokera wayawo pansi, ndipo tinakhala sabata yathunthu tikudikira okonza. Paipi imene ikanapewetsa zonsezi mtengo wake sukanafika pa matumba ochepa a simenti.

Zimene ndalemba apa ndi ndondomeko imene ndikanatsata ndikanati ndiyambirenso.

Choyamba, mvetsani mmene faiba imafikira pakhomo

Ogulitsa mapoloti amakonda kunena kuti "faiba inadutsa kale mumsewu waukulu uja." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma zoonazo sizikuthandizani. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imachokera ku mawaya a pansi pa nyanja monga EASSy ndi SEACOM, amene amatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, n'kulowa m'dziko muno kudzera ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia. M'kati mwa dziko muli mawaya akuluakulu olumikiza mizinda ndi maboma. Alipo a Open Connect Limited, kampani imene inatuluka mu MTL mu 2016. Alipo a SimbaNET ochokera kumalire a Tanzania kufika ku Lilongwe. Aliponso a boma a National Fibre Backbone amene anayalidwa ndi Huawei, gawo loyamba n'kutha mu 2018, ndipo amayenda pa mizere ya magetsi ya ESCOM. Mawaya amenewa ali ngati paipi yaikulu ya Water Board yochokera ku damu. Ingadutse kuseri kwa mpanda wanu, simungangoiboola n'kumatunga.

Kuti faiba ilowe m'nyumba, kampani iyenera kukoka waya wina kuchokera ku makina ake otchedwa OLT kulowa m'dera lanu, kuika timabokosi togawira pa mapolo kapena m'maenje a m'mbali mwa msewu, kenako kukoka kawaya komaliza kuchokera pa kabokosi kufika kwa inu. Ulusi umodzi wa galasi, wopyapyala ngati tsitsi, umagawidwa ku nyumba 32 kapena 64, ndipo kuwala kwake kumayenda mpaka makilomita 20 popanda kufuna magetsi panjira. Ndiye mtunda pawokha si umene umachedwetsa. Amachedwa chifukwa cha masamu. Kampani imawerenga nyumba zimene zizilipira mwezi ndi mwezi pa kilomita iliyonse ya waya, ndipo dera latsopano mumalidziwa mmene limakhalira: nyumba imodzi yomalizidwa, maziko asanu omera udzu, mapoloti khumi olimidwa chimanga. N'chifukwa chake maofesi a ku City Centre ndi madera akale olemera amayamba kulandira, kumalo atsopano n'kumabwera pambuyo. Mukamvetsa zimenezi, mudziwa kuti pali zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwanu: kukonza njira ya waya pa poloti yanu, ndi kusonkhanitsa anthu oti kampani iwawerenge.

Chachiwiri, pitani mukayese nokha musanalipire poloti

Tengani mafoni awiri, ina ya Airtel ina ya TNM, zonse zikhale ndi bandulo. Mukafika pamalopo yang'anani kaye chilembo chimene chili pamwamba pa foni. Chikakhala 4G kapena LTE, pali poyambira. Chikamasinthasintha kupita pa H kapena E, zilembo za netiweki yakale yochedwa, lembani zimenezo. Timizere ta netiweki tija tisakunamizeni, chifukwa tingadzaze tonse koma intaneti ili yokwawa. Tsegulani fast.com kapena Speedtest muone liwiro lenileni, lotsitsa ndi lokweza lomwe, ndipo yesaninso kuimba vidiyo pa WhatsApp kwa mphindi zisanu.

Musayese kamodzi. Masana a Lachiwiri, anthu onse ali kuntchito m'tauni, nsanja ya netiweki imakhala yopepuka ndipo manambala amasangalatsa. Bwereraninso madzulo pakati pa 7 ndi 9 koloko, nthawi imene aliyense wafika pakhomo ndipo wagwira foni. Liwiro la nthawi imeneyo ndi limene mudzakhale nalo. Mukapeza mwayi woyesa tsiku limene magetsi azima m'deralo, ndiye bwino kwambiri, chifukwa mudziwa ngati nsanja ya kumeneko imapirira kapena imagona limodzi ndi magetsi.

Pemphani mwini nyumba yoyandikana nayo kuti muyesere m'kati, chitseko chili chotseka. Njerwa zowotcha, mabuloko a simenti ndi malata zimadya netiweki, ndipo poloti ya kudambo imasiyana kwambiri ndi ya pamtunda ngakhale zitalikirane mamita 200 okha. Mukadali pomwepo, mufunseni amagwiritsa ntchito chiyani, ndipo chikawonongeka amadikira masiku angati. Safunsa anadya phula. Munthu amene wakhala m'deralo dzinja limodzi amadziwa zambiri kuposa mapu a pa webusaiti ya kampani.

Pobwerera yendani pansi mumsewu, maso ali pa mapolo. Mukaona kawaya kakuda kopyapyala pansi pa mawaya a magetsi, kapena pa mapolo afupiafupi apadera, ndi timabokosi tapulasitiki tokhala ndi waya wozengezedwa ngati nkhata, ndiye kuti faiba yogawira m'nyumba yafika. Dzina la kampani kawirikawiri limalembedwa pa kabokosipo kapena pa chivundikiro cha dzenje. Jambulani.

Kenako lemberani makampani, osangoimba foni. Kumalo atsopano kulibe mayina a misewu kapena manambala a nyumba odziwika, ndiye "kuseri kwa chigayo, mukapitirira tchalitchi" sikuwathandiza. Imani pakati pa poloti, tumizani malo anu a GPS pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo funsani motere: kabokosi kanu kogawira kapafupi kali mamita angati kuchokera pano, kali ndi malo otsala, ndipo mtunda umene mumakoka waya popanda ndalama zowonjezera ndi wotani? Yankho loti "tikubwera posachedwa" musaliwerengere. Liwerengereni likakhala ndi mwezi, ndipo lili lolembedwa. Funsani makampani osachepera atatu, ndipo onetsetsani kuti ali ndi chiphaso cha MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga.

Chachitatu, funsani za msewu

Gawo ili anthu amalidumpha, koma ndi limene limatsekereza madera ambiri kwa zaka. Waya ufunika poyenda. Mapoloti a ku Unduna wa Malo, a khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation kapena a kampani yogulitsa malo yolongosoka amakhala ndi mapu osonyeza misewu ndi malo osiyidwa m'mbali mwake oyalamo mapaipi ndi mawaya. Pemphani kuona mapuwo. Kumalo ogulidwa kwa mafumu n'kumene kumavuta: aliyense amakankhira mpanda wake kunja pang'ono, mapeto ake msewu umatsala wodutsa galimoto imodzi, popanda poimika polo kapena pokumba ngalande. Kampani ikaona zotere imabwerera, chifukwa kuti ikumbe imafunika chilolezo cha khonsolo kapena cha Roads Authority, ndipo singalimbane ndi mipanda makumi awiri.

Ngati mukugula m'malo otchingidwa ndi mpanda umodzi, a geti limodzi, funsani womanga malowo ngati anayala mapaipi opanda kanthu pansi pa misewu asanathire phula kapena kuyala mapeva. Funsaninso ngati anapangana ndi kampani imodzi yokha. Kampani imodzi ikakhala yokha m'mudzi imaiwala kuyankha foni.

Chachinayi, ikani paipi nthawi ya maziko

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo nthawi yake ndi yochepa: maziko akukumbidwa, ngalande za madzi ndi magetsi zili zotsegula, aganyu ali pompo ndi mapiki.

Sankhani kaye pamene waya udzathere m'nyumba. Kuchokera pamenepo yalani paipi ya conduit, ija amagwiritsa ntchito amagetsi, kupita kumalire a poloti mbali ya kumsewu, pafupi ndi polo ngati ilipo. Ya mamilimita 25 ndi yocheperapo imene mungalole. Ya 32 ndi yabwino, chifukwa mungadzafune kulowetsa waya wachiwiri wa kampani ina osachotsa woyamba. Ngalande ikhale yakuya masentimita 45 mpaka 60. Pamene padzadutse galimoto, ilowetseni m'paipi ina yokulirapo ndi yolimba. Ingayende ngalande imodzi ndi waya wa magetsi, koma zitalikirane masentimita 30, ndipo musalole mmisiri kulowetsa zonse m'paipi imodzi pofuna kusunga ndalama. Tsiku lina wokoka faiba adzakanda waya wamoto.

Chimene muyenera kuimapo nokha ndi makona. Pulambala kapena wamagetsi wozolowera amafulumira kuika kachigongono kokhota mwadzidzidzi kaja. Madzi amadutsa pamenepo mosavuta, waya wa kopa nawonso umapirira, koma faiba ndi galasi. Ikapindidwa kwambiri kuwala kumatayika, ndipo ikakokedwa mwamphamvu pa kona yakuthwa imathyoka m'kati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Uzani mmisiri kuti, "Apa sitikufuna ma elbow, pindani paipi mokhota pang'onopang'ono ngati uta." Makona asapitirire awiri pa mtunda umodzi. Akapitirira, kapena mtunda ukadutsa mamita 30, mangani kadzenje kanjerwa kokhala ndi chivundikiro kuti okoka adzapumirepo.

M'kati mwa paipi siyani chingwe cha nayiloni chotuluka mbali zonse ziwiri, chomangidwa kuti chisabwerere. Musaike waya wachitsulo, umachita dzimbiri n'kuduka dzinja lachiwiri. Kenako tsekani kukamwa konse kuwiri ndi zotsekera kapena pulasitiki yomangidwa bwino. Paipi yosiyidwa yotsegula imadzaza matope a mvula yoyamba, chiswe chimamangamo, makoswe amasandutsa msewu, ndipo simenti ya opaka pulasitala imagweramo n'kuuma. Ndaonapo paipi yoyalidwa bwinobwino koma yosathandiza chifukwa cha chibulumwa chimodzi cha simenti.

Musanakwirire, yalani mzere wa njerwa kapena tepi yochenjeza pamwamba pake, kuti wodzakumba dzenje la mtengo wa mapeyala adzagunde njerwa asanagunde paipi. Ndipo jambulani ngalande yonse ili yotsegula, mukuonetsa mtunda wake kuchokera pakona ya nyumba ndi pa mzati wa geti.

Poti kuno kwathu faiba yambiri ya m'makomo imabwera pa mapolo, konzeraninso njira yam'mwamba. Kumalire, paipi yanu ikwere m'mbali mwa mzati wa mpanda kuti waya wotsika pa polo udzangolowamo n'kupita pansi, m'malo molendewera pabwalo ngati chingwe choyanikapo zovala. Poloti ikakhala ya pakona, ndipo simukudziwa msewu umene kampani idzadzere, yalani mbali zonse ziwiri. Ikaninso paipi ina yochokera pamalo a rauta, kachipangizo kofalitsira Wi-Fi, kukwera m'siling'i mpaka kutulukira kudenga. Imeneyo ndi ya dishi kapena mlongoti, ndipo mwina ndi imene mudzayambe kugwiritsa ntchito faiba isanafike.

Chachisanu, m'kati mwa nyumba

Rauta ikhale pakatikati pa nyumba, pamwamba, poonekera. Pakhonde la m'kati lolowera kuzipinda ndi pabwino. Ambiri amaiika kuseri kwa TV pakona ya pabalaza, mwina m'kabati, kenako n'kumadandaula kuti kuchipinda chogona Wi-Fi sifika. Theka la mphamvu yake limakhala likupita kwa aneba. Makoma athu a njerwa si ofanana ndi a matabwa a kumayiko kumene marauta amenewa amayesedwera. Wi-Fi ya 5 GHz ndi yothamanga koma ikadutsa makoma awiri yatha, pamene ya 2.4 GHz imafika patali koma pang'onopang'ono. Nyumba ya zipinda zinayi, kapena yosanja, idzafuna kachipangizo kachiwiri kofalitsira Wi-Fi, ndipo kamagwira bwino kakalumikizidwa ndi waya.

Ndiye wamagetsi akamayala mapaipi ake m'makoma, muuzeni awonjezere a waya wa intaneti wa m'nyumba wotchedwa Cat6 kuchokera pamalo a rauta kupita pa TV, kuchipinda chogwiriramo ntchito, ndi pakati pa siling'i kumbali yakutali ya nyumba. Ngati mukuganiza za makamera, kokeranitu kumakona a nyumba ndi pageti. Waya umodzi usapitirire mamita 100. Pogula chenjerani, chifukwa m'mashopu mwadzaza waya wotchipa wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Sendani kachidutswa, palani ndi mpeni. Ukayera m'kati ngati siliva, usiyeni. Kupita ku nyumba ya kuseri ya alendi kapena antchito, waya wa kopa wodutsa panja umaitana mavuto a mphezi, ndipo mphezi za mu Disembala ndi Januwale zimapsereza marauta ambiri. Faiba siyenda magetsi, choncho pakati pa nyumba ziwiri ndi imene ili yotetezeka.

Pamalo a rauta ikani masoketi awiri kapena atatu ndi kashelefu. Kampani ya faiba imabweretsa kabokosi kotchedwa ONT, kamene nthawi zina kamakhala rauta komweko, nthawi zina kamafuna rauta yapadera. Chilichonse mwa ziwirizi chimadya mawati pafupifupi 10, ndipo zambiri zimayendera mavoti 12. Ndiye ngati muli ndi sola kapena inveta, soketi imeneyi ikhale pa mzere wake. Ngati mulibe, kabatire kotchedwa UPS kakang'ono ka marauta kamakwanira kusunga intaneti maola angapo magetsi akazima. Kumbukirani kuti waya wa faiba sufuna magetsi panjira. Bola makina a kampani ali ndi jenereta, kwanu kukhoza kukhala mdima koma intaneti ili moyo.

Chachisanu ndi chimodzi, sonkhanitsani aneba

Munthu mmodzi akapempha faiba kumalo atsopano amapatsidwa kotesheni yoopsa, chifukwa amamulipiritsa waya wonse ndi mapolo onse kuchokera kumsewu waukulu. Mutu umodzi susenza denga. Pafupifupi dera lililonse latsopano lili ndi gulu la WhatsApp lokambirana za alonda, za giledala yokonza msewu ndi za thiransifoma. Gwiritsani ntchito lomwelo. Lembani mndandanda wa nyumba zimene muli anthu kale, zimene zikufoleredwa, ndi ndalama zimene banja lililonse likuwononga pa mabandulo pamwezi. Nambala yomalizayi ndi imene imatsegula maso a kampani, ndipo imadabwitsanso eni ake akaiphatikiza. Ikani nyumbazo pa mapu a Google, musaiwale sukulu, kachipatala, malo ogona alendo ndi mashopu, chifukwa amenewo ndi makasitomala amene kampani imawafuna kwambiri.

Tengani kalata imodzi yosainidwa ndi komiti, a block leader kapena amfumu akudziwa, mupite nayo ku makampani angapo, ndipo aliyense adziwe kuti mwapitanso kwa mnzake. Pemphani kuti atumize munthu adzayendere malo. Akanena kuti anthu musonkhe ndalama za mapolo kapena zokumbira, zilembedwe: waya udzakhala wa ndani, wobwera pambuyo adzalipira bwanji, ndipo ntchito ikapanda kuchitika pofika mwezi wakuti ndalama zidzabwezedwa motani. Ndalama zipite ku akaunti ya kampani, risiti ituluke. Musapereke m'manja mwa munthu wovala yunifomu amene wati "ndikuthandizani mwachidule."

Mukambiranenso za chitetezo. Akuba amadula faiba poganiza kuti muli kopa, chonsecho mulibe chogulitsa. Alonda a m'dera akadziwa zimenezi n'kuuza anyamata otolera zitsulo, mwachepetsa vuto limodzi. Ndipo tsiku limene giledala ikubwera kudzapala msewu, wina ayende nayo kusonyeza dalaivala pamene padutsa waya.

Podikira faiba

Kudikira kungatenge chaka, kungatenge zisanu, ndiye mufunika china chogwirizira. Chapafupi ndi rauta ya 4G yolowetsa SIM. Musanagule, yendani ndi foni nyumba yonse mupeze windo limene netiweki ili yamphamvu, kawirikawiri loyang'ana kumene kuli nsanja. Ikavuta m'kati koma panja ili bwino, gulani rauta yolola mlongoti wakunja, muukweze padenga kudzera m'paipi munaika ija.

Makampani ena amapereka intaneti ya wailesi: amaika kadishi padenga panu koyang'anizana ndi nsanja yawo. Imagwira bwino pokhapokha ziwirizo zikuonana popanda phiri, nyumba yosanja kapena mtengo pakati. Poyeza kumbukirani kuti mtengo wa mango wa aneba ukukula, ndipo poloti yopanda kanthu ya kutsogolo kwanu mawa pangamangidwe nyumba yosanja.

Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023, ndipo kwa omanga kutali ndi tauni yasintha zinthu, poti sifuna polo kapena ngalande. Imafuna thambo loonekera bwino, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imatha kuyeza ngati mitengo ikutchinga musanagule. Konzekerani zinthu zitatu: ndalama zogulira zipangizo poyamba ndi zambiri, dishi yaikulu ija imadya mawati pakati pa 50 ndi 100 kotero ka UPS ka rauta sikangainyamule, ndipo mvula yamkuntho imaidula kwa kanthawi. Yang'ananinso pa mapu a kampaniyo ngati dera lanu likulandira anthu atsopano, chifukwa m'mizinda ikuluikulu malo amatha kudzaza. Kugawana ndi aneba a mpanda wina n'kumawalipiritsa kumaoneka kwanzeru, koma kugulitsa intaneti kumafuna chiphaso cha MACRA.

Chilichonse chimene mwasankha pa nthawiyi, musasaine mgwirizano wa zaka ziwiri. Faiba ingafike mwezi wachisanu.

Ikafika: pepala ndi tsiku lolumikiza

Werengani musanasaine, ngakhale wogulitsa akuyang'ana wotchi. Liwiro limalembedwa mu Mbps, ndipo kuti mudziwe mamegabaiti otsika pa sekondi mugawe ndi 8: intaneti ya 10 Mbps imatsitsa MB imodzi ndi kota pa sekondi. Funsani liwiro lokweza, makamaka ngati mumachita misonkhano ya pa Zoom kapena kutumiza mavidiyo. Mawu oti "unlimited" afunseni bwino, chifukwa kawirikawiri pamakhala malire amene mukawadutsa liwiro limatsitsidwa mpaka mwezi utathe. Funsani ngati liwirolo ndi lanu nokha kapena logawana. Funsani kuti ONT ndi yanu kapena ya kampani, waya ukaduka kunja kwa mpanda amalipira ndani, ndipo amalonjeza kukonza m'maola angati. Funsaninso ngati mtengo ndi wa makwacha okhazikika kapena umatsatira dola. Amene analipo mu Meyi 2022 pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndi mu Novembala 2023 pamene inagwanso ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake funsoli lili lofunika.

Tsiku lolumikiza khalani pakhomo nokha, musasiyire mlonda. Anyamata olumikiza amathamangira nyumba yotsatira, ndipo mukapanda kuwasonyeza paipi yanu aboola khoma limene lili pafupi ndi makwerero awo. Akamakoka waya ndi chingwe chanu, amangirire chingwe china chatsopano kuti chitsale m'paipimo. Waya wotsala auzengeze mozungulira motakasuka, osaupinda ngati chingwe cha chaja. Musasuzumire kumapeto kwa faiba, ndipo ana asaseweretse, chifukwa kuwala kwake sikuoneka koma kumawononga maso.

Asananyamuke, pemphani akuonetseni mphamvu ya kuwala pa kamita kawo. Nambala yake imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndipo pa makina ambiri malire ake ali cha pa -27 dBm. Ikakhala -20 kapena -22 muli bwino. Ikakhala -26, auzeni ayang'anenso polumikizira, chifukwa mwatsala pang'ono kugwa ndipo fumbi lochepa lidzakudulani. Lembani nambalayo pa risiti. Yesani liwiro ndi laputopu yolumikizidwa ndi waya, osati pa Wi-Fi, kuti mudziwe chimene kampani ikupereka. Sinthani pasiwedi ya Wi-Fi ndi ya rauta yomwe tsiku lomwelo. Dziwaninso magetsi a pa ONT: ka PON kakayaka kobiriwira zili bwino, ka LOS kakamaphethira kofiira ndiye kuti kuwala sikukufika, waya waduka kapena wapindika penapake, ndipo kuzimitsa n'kuyatsanso rauta sikuthandiza. Poimba foni nenani zimenezo, mudumpha mafunso khumi.

Dandaulo lililonse likhale ndi nambala yake, tsiku ndi nthawi. Kampani ikalephera kukonza kapena ikamakulipiritsani masiku amene munalibe intaneti, yambani mwailembera kalata. Zikakanika, pitani nazo ku MACRA, imene lamulo la Communications Act la 2016 linaipatsa udindo woteteza ogwiritsa ntchito mauthenga, kapena ku Competition and Fair Trading Commission ngati nkhani yake ndi ya malonda achinyengo. Kumeneko adzafuna mapepala, ndiye manambala aja ndi zithunzi za Speedtest zisungeni.

Zithunzi za ngalande zija zisindikizeni pa pepala, mujambulepo mzere wa paipi ndi cholembera chofiira, muziike mu fayilo imodzi ndi pulani ya nyumba ndi mapepala a malo. Pepala lina lipachikeni m'stoo momwe mumasunga makasu, ndipo mnyamata wosamalira pabwalo mumuyendetse mzere wonsewo kuchokera pageti mpaka pakhoma asanayambe kukumba mabedi a maluwa.